Tizilombo Tabwino ndi Chiwindi Chodwala

Pakhomo pakagwa matenda, chikondi cha abale chimaonekera m'zimene amanyamula pokazonda wodwala. Kale kunali kunyamula chipanda cha thobwa, nkhuku, kapena phava la nthochi zakupsa. Masiku ano kwabwera mphatso ya mtundu wina. Mwana amene ali pa ntchito ku Johannesburg kapena ku London, akamva kuti bambo ake atupa mimba ndipo maso awo achita chikasu, amathamangira kusitolo ya mankhwala, nagula botolo la makapisozi lolembedwa kuti probiotics, nalipatsira munthu wobwera kumudzi. Botolo likafika onse amaliyang'ana mwaulemu, pakuti lachokera kutali ndipo lagulidwa ndi ndalama zambiri. Mdzukulu wodziwa Chingerezi amawerengera banja kuti m'kapisozi aliyense muli tizilombo tabwino mabiliyoni angapo tokonza m'mimba. Pamenepo mayi amayamba kumwetsa bambo m'mawa ndi madzulo osauza dokotala, poganiza kuti chimenechi ndi chakudya chabe, si mankhwala ayi.

Awerengi okondedwa, nkhani yathu mwezi uno ndi ya botolo limeneli. Sindifuna kulinyoza, pakuti kwa anthu ambiri athanzi silichita choipa, ndipo pa matenda ena limathandizadi. Komatu m'botolomo muli zinthu zamoyo, ndipo chamoyo chilichonse chili ndi malo ake. Mbuzi ikakhala m'khola ndi chuma. Ikalowa m'dimba la mnansi ndi mlandu. Thupi la munthu wodwala chiwindi lili ngati dimba limene mpanda wake wagwa.

Kumene tizilomboti tidachokera

M'matumbo a munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tochuluka kuposa anthu onse a pa dziko lapansi kambirimbiri. Tambiri mwa ito ndi tabwenzi: timathandiza kugaya chakudya, timapanga mavitamini ena, ndiponso timadzaza malo kuti tizilombo toyambitsa matenda tisowe pokhala. Wasayansi wa ku Russia, Élie Metchnikoff, amene ankagwira ntchito mu mzinda wa Paris, ndiye adafalitsa mu 1907 maganizo akuti anthu a m'midzi ya ku Bulgaria amakalamba bwino chifukwa cha mkaka wowawasa umene amamwa masiku onse. Kuchokera pamenepo anthu ophunzira adayamba kupatula tizilombo ta mtundu umenewu ndi kutiweta monga momwe ife timawetera nkhunda.

Maina awiri okha ndiwo ndikupemphani muwasunge, chifukwa tikumana nawonso kutsogoloku. Loyamba ndi Saccharomyces boulardii, yisiti imene Mfalansa wina, Henri Boulard, adaipeza pa makoko a zipatso ku Indochina m'zaka za m'ma 1920. Ndi mbale wake wa yisiti yofufumitsira buledi. Lachiwiri ndi Lactobacillus rhamnosus GG, bakiteriya amene Sherwood Gorbach ndi Barry Goldin adamupatula m'matumbo a munthu wathanzi ku Boston mu 1983. Malembo awiri akumapetowo ndi oyamba a maina awo. Mu 2001 akatswiri oitanidwa ndi mabungwe a WHO ndi FAO adagwirizana kuti dzina lakuti probiotics liziperekedwa kwa tizilombo tamoyo timene timapindulitsa thanzi la munthu tikamwedwa pa mlingo wokwanira. Taonani liwu lakuti "tamoyo". Piritsi la mutu likagwira ntchito yake limatha, koma kachilombo kamoyo kakapeza malo ofunda ndi chakudya kamaswana.

Mlonda wa pachipata

Aliyense amene adatumbulapo mbuzi adachiona chiwindi, koma ndi ochepa adalingalira chifukwa chake chidakhala pamene chilipo. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Magazi ochokera m'matumbo sapita kumtima molunjika. Amayamba asonkhana mu mtsempha umodzi waukulu wolowa m'chiwindi, ndipo magawo atatu mwa anayi a magazi onse ofika m'chiwindi amadzera njira imeneyi. Khoma lolekanitsa zam'matumbo ndi magazi ndi lopyapyala koposa pepala, motero nthawi ndi nthawi tizilombo tina timazemba n'kudutsa. Koma m'tinjira ta m'chiwindi muli maselo olusa amene ntchito yake ndi kugwira ndi kumeza mlendo aliyense wosaitanidwa. Maselowa amatchedwa ndi dzina la Karl Wilhelm von Kupffer, Mjeremani amene adawalongosola mu 1876. Mwa maselo onse omeza tizilombo amene amakhazikika m'ziwalo za thupi, 8 pa 10 alionse ali m'chiwindi. N'chifukwa chake munthu wathanzi angathe kumwa tizilombo tam'botolo mabiliyoni popanda kanthu: ochepa odumpha mpanda amagwidwa pachipata.

Tsono chiwindi chikavulazidwa kwa zaka zambiri chimadzala ndi zipsera, chimauma, n'kuchita mfundomfundo. Madokotala amati cirrhosis. Ife tinene kuti kuuma kwa chiwindi. Kwathu kuno zovulaza chiwindi sizisowa. Pali kachilombo ka hepatitis B, kamene zofufuza za m'Malawi zosonkhanitsidwa mu 2018 zidaonetsa kuti kali mwa akulu pafupifupi 8 pa 100 alionse, ambiri a iwo osadziwa. Pali kachasu ndi mowa wina uliwonse womwedwa mosalekeza. Palinso likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amakakamira m'timitsempha ta chiwindi n'kuchititsa zipsera.

Madzi a mumtsinje akapeza kuti pansi pa mlatho patsekeka ndi zinyalala amafufuma, kenaka amadzipangira njira m'mbali. Magazi nawo amachita chimodzimodzi. Akalephera kudutsa m'chiwindi chouma amatsegula timitsempha tina tolambalala, nakafika kumtima osaonana ndi mlonda uja. Kufufuma komweko kumatupitsa khoma la matumbo, ndipo khoma lotupa limadontha. Tizilombo todumpha mpanda timachuluka pa nthawi yomwe wotigwira wafooka. Ndipo madzi amene amadzaza mimba ya wodwala, aja amachititsa kuti munthu wowonda aoneke ngati ali ndi pakati, ali ngati dziwe lofunda lopanda mwini. Chiwindi chathanzi chimapanga zinthu zothandiza thupi kupha tizilombo, koma chouma chimapanga pang'ono, motero kachilombo kakagwera m'dziwe limeneli kamaswana mosavuta.

Zimenezi si zongoyerekeza. Mwa odwala chiwindi chouma amene amagonekedwa m'chipatala, pafupifupi mmodzi mwa atatu kapena anayi amapezeka ndi matenda oyambitsidwa ndi mabakiteriya. Zofufuza zambiri zitaikidwa pamodzi mu 2010 zidaonetsa kuti matenda otere amachulukitsa kanayi ngozi ya imfa, ndi kuti odwala pafupifupi 30 pa 100 alionse ogwidwa nawo amamwalira mwezi usanathe. Nthawi zambiri olakwa amakhala mabakiteriya wamba a m'matumbo, osati a m'botolo. Koma chipata chimene amalowera ndi chomwecho.

Nanga bwanji madokotala ena amapereka?

Pano tiyenera kuchita chilungamo, pakuti nkhani ili ndi mbali ziwiri. Tizilombo tina ta m'matumbo timatulutsa mpweya woipa wotchedwa ammonia, umene chiwindi chathanzi chimausukulutsa. Chiwindi chikalephera, poizoni ameneyu amafika ku bongo. Wodwala amayamba kugona usana n'kukhala maso usiku, amaiwala maina a ana ake, manja amagwedezeka, amalankhula zosadziwika mutu wake, ndipo pomaliza amakomoka. Ndi kangati banja lathamangira kukaombeza ula chifukwa cha zizindikiro zimenezi, likuganiza kuti munthu walodzedwa! Mankhwala ake odziwika ndi manyuchi otsekemera otchedwa lactulose, amene amafewetsa chimbudzi n'kutulutsa poizoniyo.

Madokotala adaganiza kuti mwina kuchulukitsa tizilombo tabwino kungachepetse topanga poizoni, ndipo adayesa, makamaka ku India. Ku Chandigarh, kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 adapeza kuti odwala omwa chisakanizo china cha tizilomboti kwa miyezi 6 sankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri ngati anzawo. Ku Berlin, mu 2005, odwala oikidwa chiwindi chatsopano amene adapatsidwa tizilomboti atachitidwa opaleshoni adagwidwa ndi matenda a mabakiteriya mochepa kwambiri kuposa amene sadapatsidwe. Mu 2017 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusanthula zofufuza za ena, lidaunika ntchito zofufuza 21 zokhudza anthu 1,420. Lidapeza kuti tizilomboti mwina timathandiza pa kusokonezeka mutu kuja poyerekeza ndi kusapereka kanthu. Koma silidaone umboni woti timapulumutsa moyo kapena kuti timaposa lactulose, ndipo lidadandaula kuti zofufuza zambiri zidachitidwa mosalongosoka.

Komatu walira mvula walira matope. Odwala a m'zofufuzazi ankasankhidwa, ankayezedwa kawirikawiri, ndipo dokotala ankadziwa dzina ndi mlingo wa kachilombo kamene akupereka. Bambo wathu uja wa kumudzi, amene mimba yake yadzala madzi ndipo chipatala chili pa mtunda wa maola awiri pa njinga, safanana nawo. Palinso chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa. Mu 2018 ofufuza adawerenga malipoti 384 a zoyesa za tizilomboti ndi zakudya zake, napeza kuti 106 mwa iwo sadatchule ngakhale pang'ono ngati padali wina amene adapwetekeka. Mphunzitsi wosaitana maina m'kalasi sanganene kuti ana onse abwera.

Pamene mbuzi idalowa m'dimba

Mu 1999 madokotala a ku Finland adalemba za mayi wina wa zaka 74, wodwala shuga, amene kwa miyezi inayi ankamwa pafupifupi theka la lita la zakumwa za mkaka zokhala ndi Lactobacillus GG tsiku lililonse, pofuna kuchepetsa vuto la m'mimba. Adafika kuchipatala akumva kupweteka m'mimba ndi kutentha thupi, ndipo adapezeka ndi thumba la mafinya m'chiwindi. Kachilombo ka m'mafinyamo sikadathe kusiyanitsidwa ndi ka m'zakumwa zija. Mayiyo adachira atachotsedwa mafinya ndi kupatsidwa mankhwala, koma nkhani yake idatsegula maso a ambiri. M'mabuku a zachipatala mulinso malipoti a odwala chiwindi chouma ndi oikidwa chiwindi chatsopano amene Lactobacillus adapezeka m'magazi kapena m'madzi a m'mimba mwawo.

Umboni wooneka bwino koposa udachokera ku chipatala cha ana cha ku Boston mu 2019. M'zipinda za odwala mwakayakaya, mwa ana 522 opatsidwa Lactobacillus GG, 6 adapezeka ndi kachilomboka m'magazi. Mwa ana 21,652 osapatsidwa, awiri okha ndiwo adapezeka ndi Lactobacillus m'magazi. Ofufuza atasanthula chibadwa cha kachilombo ka m'magazi a ana asanu ndi mmodziwo adaona kuti ndi komwe kaja ka m'makapisozi. Mwaona nokha kuti ngoziyi si ya tsiku ndi tsiku: ndi mwana mmodzi pa 100. Koma yerekezani ndi mmodzi pa 10,000 wa gulu linalo.

Ku Netherlands kudachitika zoopsa kuposa apa. Madokotala adayesa kupereka chisakanizo cha tizilombo tabwino kwa anthu otupa kwambiri chiwalo chimene amachitcha pancreas, mnansi wa chiwindi, akuyembekeza kuti titeteza odwalawo ku matenda. Zotsatira zake zidatuluka mu 2008. Mwa 152 opatsidwa tizilomboti, 24 adamwalira. Mwa 144 opatsidwa ufa wopanda kanthu, 9 adamwalira. Chodabwitsa n'chakuti imfa zowonjezerekazo sizidadze chifukwa chakuti tizilomboti tidalowa m'magazi. Odwala 9 mwa opatsidwa tizilombo adafa matumbo chifukwa chosowa magazi, chinthu chimene sichidachitike kwa ngakhale mmodzi wa gulu linalo. Odwalawa sadali a chiwindi, ngakhalenso ana a ku Boston aja. Ndawatchula chifukwa amafanana ndi wodwala chiwindi chouma pa zinthu zimene zili zofunika pano: matumbo ofooka ndi chitetezo cha m'thupi chotsika.

Yisiti ya Boulard ili ndi khalidwe lakelake. Popeza si bakiteriya, maantibayotiki saipha, ndipo n'chifukwa chake anthu amakonda kuimwa poletsa kutsekula m'mimba kobwera ndi maantibayotiki. Ku Finland komweko, mwa odwala 46 amene yisiti ya mtundu umenewu idapezeka m'magazi mwawo pakati pa 2009 ndi 2018, osachepera 20 ankamwa makapisozi ake. Ndipo m'zipatala zina za ku Ulaya idapezeka m'magazi a odwala amene sadaimwe konse, ogona pafupi ndi woimwa. Paketi ya ufa ikatsegulidwa m'chipinda, fumbi lake limauluka, limamatirira m'manja mwa womwetsa, n'kukafika pa kapaipi kolowetsedwa mu mtsempha waukulu wa wodwala wina. Taganizani za zipinda zathu, m'mene mabedi amakhala moyandikana ndipo odikirira odwala amathandizana kumwetsa phala.

Lactobacillus nayenso ali ndi msampha wake. Mitundu yambiri ya bakiteriya ameneyu, kuphatikizapo GG, siimva mankhwala amphamvu otchedwa vancomycin, amene madokotala amawadalira pamene magazi agwidwa ndi tizilombo ta gulu limeneli. Kawirikawiri imagonja ku penisilini ndi abale ake. Ndiponso woyeza magazi akaona Lactobacillus angaganize kuti ndi litsiro chabe limene lagwera m'botolo loyezera. Dokotala wosauzidwa zimene wodwala wakhala akumwa kunyumba angataye masiku akupereka mankhwala osayenera.

Ndisaiwale za botolo lenilenilo. Ku America, chiyambire lamulo la 1994, zinthu zotere zikagulitsidwa monga zowonjezera pa chakudya sizifunika kuvomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la FDA zisanafike m'sitolo. Mu 2014 khanda lobadwa masiku asanakwane lidamwalira ku Connecticut litapatsidwa ufa wa tizilomboti umene udaipitsidwa ndi nkhungu yoopsa. Ndipo mu 2023 FDA idachenjeza zipatala khanda linanso litamwalira ndi kachilombo kochokera m'mankhwala otere. Chizindikiro chokongola ndi mtengo wokwera sizitsimikiza kuti za m'kati ndi zimene zalembedwa kunja.

Nanga thobwa ndi chambiko?

Ndikudziwa kuti amayi ena afunsa kale funso limeneli mumtima. Inde, m'thobwa, m'chambiko ndi m'yogati muli abale a tizilombo tomweti, ndipo makolo athu adakula nazo. Wodwala chiwindi amafunika kudya mokwanira, pakuti matendawa amadya minofu, motero sitiyenera kumuchotsera zakudya mwachisawawa chifukwa cha mantha. Koma ziwiri izi zisamalidwe. Mkaka wowawasa wopangira kunyumba uyambe waphitsidwa, chifukwa mkaka wosaphitsa ungathe kunyamula chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi tizilombo tina timene chiwindi chouma sichingalimbane nato. Ndipo thobwa likagonera masiku n'kuyamba kuwira limasanduka mowa, ndipo chiwindi sichisiyanitsa mowa wa m'chipanda cha agogo ndi wa kumalo omwera. Wodwala apatsidwe la tsiku lomwelo, lophikidwa bwino, m'chiwiya choyera. Ngati mimba yadzala kale madzi kapena wagonekedwa m'chipatala, ngakhale za zakudya zimenezi funsani amene akumuchiza.

Ngozi ya makapisozi imakula pamene matenda akukula. Munthu amene wangopezeka ndi hepatitis B koma chiwindi chake chikugwirabe ntchito sali pamalo amodzi ndi amene watupa mimba, wachita chikasu, kapena adasanzapo magazi. Ikulirakuliranso ngati wodwalayo ali ndi shuga, ngati HIV yamutsitsa chitetezo, ngati akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo monga aja a oikidwa chiwalo, ngati ali ndi vuto la zotsekera za mumtima, kapena ngati ali ndi kapaipi mu mtsempha waukulu. Kwa otere, botolo lisatsegulidwe dokotala asanalione. Safunsa adadya phula. Ndipo wina asasiye lactulose kapena mapiritsi a tenofovir a hepatitis B poganiza kuti zochokera kunja zaposa zakuchipatala chathu.

Kwa inu achinyamata otumiza mphatso, ndalama ya botolo limodzi ingathe kulipira ulendo wa bambo wopita kuchipatala kangapo, ndiponso ulendo wa mayi ndi abale anu wokayezetsa magazi, popeza hepatitis B imayenda m'banja. Katemera wake adayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002. Ngati mudabadwa chakachi chisanafike, inunso kayezetseni. Mankhwala a likodzo aja amagawidwa m'sukulu, amene ana ena amawalavula kuseri kwa kalasi chifukwa chowawa, nawonso ndi oteteza chiwindi.

Koma mwina m'nyumba mwanu botolo lidatsegulidwa kale ndipo latsala theka. Musachite mantha, ambiri amene adamwa sadaone choipa. Lekani kupereka kufikira mutafunsa, ndipo muyang'anitsitse wodwala. Akayamba kumva kupweteka m'mimba monse, kunjenjemera, kuwodzera kosazolowereka, kusokoneza mawu, kapena kukodza pang'ono, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti thupi litenthe, pakuti wodwala chiwindi chouma angathe kukhala ndi tizilombo m'magazi kapena m'madzi a m'mimba thupi lili lozizira. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ponyamula chofunda ndi kabuku ka kuchipatala, nyamulaninso botololo, ngakhale litakhala lopanda kanthu, ndipo muuze dokotala tsiku limene wodwala adayamba kumwa ndi kuchuluka kwa makapisozi amene ankamwa pa tsiku. Dzina lolembedwa pa botolo ndilo lidzamuthandiza kudziwa chimene afunefune m'magazi, ndi kusankha pakati pa penisilini ndi mankhwala opha yisiti.